Kugula lathe yoyamba ya matabwa ku Harare: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anzathu a ku Mufakose, Dzivaresekwa, Mabvuku, Epworth ndi madera ena, amene akufuna kuyamba kukulunga mitengo koma m'thumba muli mopepuka. Ena ndi akalipentala kale, ena sanagwirepo tchizulo chibadwire. Ndayamba ndi apafupi, ozama ali kumunsi.

Kodi lathe imagwira ntchito yanji?

Imazunguza mtengo, inu n'kumaupala ndi tchizulo mutachitsamiritsa pa kachitsulo kotchedwa tool rest. Chilichonse chobulungira chimatuluka pamenepa: miyendo ya tebulo ndi ya sofa, zigwiriro za zitsulo, munsi waung'ono wosinjira adyo ndi tsabola, zoikapo makandulo, mbale. Mbali imene kuli mota ndi shafuti imatchedwa headstock. Mbali inayo, imene imayenda pa bedi (chitsulo chachitali chimene ndi msana wa makinawo) n'kukanikiza mtengo kumapeto, ndi tailstock. Maina amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene ogulitsa amamva.

Ndigule yaikulu bwanji?

Pa lathe iliyonse pamalembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi kukula kwa chinthu chimene chingazungulire osakhudza bedi. Yachiwiri ndi kutalika kwa mtengo umene ungalowe pakati pa nsonga ziwirizo. Zing'onozing'ono zoika pa benchi zimakhala za mainchesi 10 kwa 18, kapena kuti pafupifupi 250 mm kwa 450 mm. Zokulirapo pang'ono ndi za mainchesi 12 kwa 18.

Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa ya mainchesi 12. Dziwani kuti nambala yoyambayo imanyengerera: chipika chosakulunga chimakhala ndi makona, ndiye pa makina a mainchesi 10 mbale imene mutulutse bwinobwino ndi ya mainchesi 8 kapena 9.

Koma ngati cholinga chanu ndi miyendo ya tebulo lodyera, imene imafika cha m'ma 700 mm, yaifupiyi siikwana. Funsani ngati mtundu umenewo uli ndi bedi yolumikiza, kapena funani yaitali yakale monga ndafotokozera pa funso la makina ogwiritsidwapo ntchito.

Ndaona ina yaitali mita yathunthu koma yotchipa kuposa yaifupi. Bwanji osangotenga imeneyo?

Funso ili ndi limene ladyetsa ndalama za anthu ambiri. Makina amene mukunenawo ndi aja bedi yake ndi mapaipi kapena malata opinda, ndipo munthu mmodzi amawanyamula pansi pa mkhwapa. Pa pepala amaoneka aakulu, 350 mm kwa 1000 mm. Vuto lake ndi kupepuka.

Chipika chimene mwangochidula kumene sichikhala cholemera mofanana mbali zonse. Chikayamba kuzungulira chimakoka makina uku ndi uku. Makina opepuka amanjenjemera, tchizulo chimadumphadumpha, ndipo mtengo umatuluka ndi timizere ngati msewu wafumbi wopita kumudzi mvula itatha. Mukamanga tailstock mwamphamvu, mapaipi aja amapindika pang'ono, nsonga ziwirizo n'kusiya kuyang'anana. Komanso ambiri a makina otere amamangidwa ndi sipanala m'malo mwa chogwirira, ndiye kusuntha tool rest, chinthu chimene mumachita kambirimbiri pa ntchito imodzi, kumasanduka chintchito chotopetsa. Woyamba kumene sadziwa kuti cholakwa ndi makina, amangoganiza kuti iyeyo ndiye alibe luso, basi n'kusiya.

Lathe yabwino bedi yake ndi ya chitsulo cha cast iron. Yaing'ono yotereyi imalemera makilogalamu 30 kapena 40, ndipo kulemerako ndi kumene mukulipira. Pakati pa yaifupi yolemera ndi yaitali yopepuka, ine ndimatenga yaifupi osaganiza kawiri.

Ngati munagula kale yopepukayo, musataye mtima. Imangeni ndi mabawuti pa benchi yolimba, pansi pa benchiyo sanjikani matumba a mchenga, ndipo muzipangirapo zinthu zowonda monga zigwiriro ndi miyendo ya mipando. Mbale zazikulu zisiyeni kaye.

Mota ikhale ya mphamvu zingati?

Ya 370 W, imene ndi theka la horsepower, imakwana pa zinthu zing'onozing'ono. Ya 550 W ndiye pabwino pa makina a mainchesi 12. Kuposa 750 W simukufunikira panopa. Tchizulo chakuthwa pa mota yaing'ono chimadula bwino kuposa chobuntha pa mota yaikulu.

Nanga liwiro? Ena akuti ndigule yosintha liwiro ndi batani.

Anthu amathamangira kufunsa kuti imathamanga kufika pati. Funso loyenera ndi lakuti imatsika kufika pati. Chinthu chikakula, liwiro liyenera kuchepa. Okulunga mitengo ali ndi kawerengedwe kosavuta: kukula kwa chinthucho m'mainchesi, kuchulukitsa ndi maulendo amene chikuzungulira pa mphindi, yankho likhale pakati pa 6,000 ndi 9,000. Ndiye mbale ya mainchesi 10 izungulire maulendo 600 mpaka 900 pa mphindi, pamene chigwiriro cha mainchesi 2 chikhoza kufika 3,000. Chipika chopendekeka muyambe nacho pansi pa pamenepo. Ngati liwiro lotsikitsitsa la makina lili pafupi ndi 800 kapena 900, mbale yaikulu idzakuopsani.

Kusintha liwiro kuli mitundu itatu. Wina mumazimitsa makina n'kusuntha lamba ndi dzanja pa mapule (timawilo toyendapo lamba), kawirikawiri amakhala masitepe asanu. Wina uli ndi chogwirira chimene chimatsegula ndi kutseka mapule makina akuyenda. Umenewu umadya malamba ndipo umafuna kupukuta ndi kudzoza. Wachitatu ndi wamagetsi, wopotokola kabatani.

Wa kabatani ndi wokoma, sindikana. Koma muli ka bolodi ka magetsi m'kati, ndipo kakapsa simudzakapeza msanga mu Harare muno. Wosuntha lamba ndi dzanja mulibe choti chife kupatula lamba, mabering'i ndi capacitor (kachida kothandiza mota kudzuka), zimene amisiri a mamota amazidziwa. Pa ndalama zochepa, umenewu ndi umene ndingasankhe. Onaninso funso la ZESA, kampani ya magetsi, kumunsiku.

Ogulitsa akunena za 1 x 8, M33 ndi MT2. Zimenezi n'chiyani?

Apa ndi pamene makina otchipa amabisa msampha, choncho werengani mofatsa. Kumapeto kwa shafuti kuli mazinga omangirapo chuck (chogwira mtengo ndi mano) kapena faceplate (chitsulo chafulati chomangirapo mtengo ndi masikuluwu). Mazinga ofala pa makina aang'ono ndi 1 inch x 8 TPI (kutanthauza shafuti ya inchi imodzi, mazinga 8 pa inchi), ndipo pa okulirapo ndi M33 x 3.5. Makina akale a Record Power ambiri ali ndi 3/4 inch x 16 TPI, amenenso zida zake zimapezeka. Myford ML8 ili ndi 1 inch x 12 TPI. Koma alipo makina ena opanda dzina okhala ndi mazinga awoawo, oti chuck yake simudzaipeza pokhapokha mutakasulitsa cholumikizira kwa amisiri a zitsulo.

MT ndi chibowo chopita chicheperachepera m'kati mwa shafuti ndi mwa tailstock, mmene mumalowa nsonga zogwira mtengo. MT2 ndiye yofala kwambiri, MT1 ndi yaing'ono koma imapezekabe. Makina opanda chibowo chimenechi, amene nsonga yake ndi yongomangira, amakutsekerani njira: simungaikepo chogwirira drill kuti muboole, ndipo nsongayo ikatha mulibe posinthira.

Ndalama zanga ndizigawe bwanji?

Musathere zonse pa makina. Tiyerekeze muli ndi madola 600. Ine ndingaike pafupifupi theka kapena kupitirira pang'ono pa lathe, zotsalazo pa matchizulo, chonolera, chotchinga kumaso ndi sandipepa. Ndaonapo makina atsopano atafunditsidwa chitenje pakhonde miyezi yambiri chifukwa mwini wake anatsala opanda ndi ya tchizulo chimodzi chomwe.

Muwerengerenso benchi ndi galimoto yonyamulira. Lathe ya cast iron siyokwera nayo kombi.

Yatsopano kapena yogwiritsidwapo ntchito? Ndipo ndikaipeza kuti?

Zatsopano funsani m'mashopu akuluakulu a hadiweya ndi a zida za mafakitale ku Msasa, Graniteside ndi Workington. Sizikhala pa shelefu nthawi zonse, nthawi zina amachita kukuitanitsirani. Ubwino wake ndi risiti ndi pobwerera zikavuta.

Zakale ndi zimene zimapatsa chitsulo chambiri pa ndalama zochepa. Muziyang'ana pa Facebook Marketplace, kumalo ogulitsa katundu pa okushoni, ndi kwa mabanja amene akusamuka kapena akugulitsa zida za malemu bambo awo. Nthawi zambiri makina otere amabwera ndi bokosi la matchizulo ndi faceplate, zimene pazokha ndi ndalama. Muuzenso akalipentala a ku Glen View Area 8 ndi ku Gazaland ku Highfield kuti mukufuna. Nkhani ya makina ogulitsa imayenda pakamwa isanafike pa foni.

Lamulo limodzi: musatumize ndalama pa EcoCash musanaone makinawo akuzungulira ndi maso anu.

Ndikapita kukaona yakale, ndiyang'ane chiyani?

Pitani nthawi imene kuli magetsi, ndipo tengani kathabwa kanu. Musanayatse, ikani nsonga ku headstock ndi ina ku tailstock, kokani tailstock mpaka nsongazo zitsale pang'ono kukhudzana, mangani, kenako weramani muone kuchokera pamwamba ndi pambali. Ziyenera kulozana ndendende. Zikasiyana ngati kunenepa kwa chikhadabo, n'zokonzeka. Zikasiyana moonekera patali, bwererani.

Kenako gwirani shafuti ndi dzanja, igwedezeni m'mwamba ndi pansi. Isagwedere ngakhale pang'ono. Izunguzeni pang'onopang'ono mukumvetsera. Ikamachita khokhocho, mabering'i atha. Zimenezo si zoopsa kwenikweni, mabering'i amagulidwa ndi nambala yake m'tauni, koma ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Yendetsani chala pa mazinga muone ngati sanaphwanyike. Mangani tool rest, itsamireni ndi thupi lanu lonse, isasunthe.

Dzimbiri lapamwamba pa bedi lisakuthawitseni, limachoka ndi sandipepa yosalala ndi mafuta. Choopsa ndi mng'alu. Cast iron ikang'aluka kuwotcherera kwake n'kovuta, choncho yang'anitsitsani malo amene apakidwa penti yatsopano okhaokha, makamaka pa khosi la tool rest. Pomaliza yatsani, isiyeni iyende mphindi zingapo, gwirani mota ndi pamene pali mabering'i. Kufunda n'kwabwinobwino, kuwotcha dzanja ayi.

Wina akugulitsa chimakina chachikulu chochokera kusukulu. Nditenge?

Makina ngati Union Graduate, amene ankaikidwa m'zipinda zophunzirira ukalipentala, ndi olimba zedi, adzukulu anu adzawapeza. Koma werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Ambiri ndi a three-phase, magetsi a m'mafakitale, pamene m'nyumba zathu muli single-phase ya 220 mpaka 240 V. Pamenepo mudzafunika kusintha mota kapena kugula VFD (kabokosi koyendetsera mota ya three-phase pa magetsi a m'nyumba), ndipo si mota iliyonse yakale imene imalola VFD ya m'nyumba. Pitani ndi wamagetsi. Funsaninso pepala losonyeza kuti katunduyo anagulitsidwa mwachilungamo.

Bwanji nditaitanitsa kunja?

Ena amagula ku Johannesburg, m'mashopu ngati Adendorff, n'kutumiza pa basi kapena kwa amalaicha (onyamulira anthu katundu wodutsa malire) kudzera pa Beitbridge. Magetsi a ku South Africa ndi a ku Britain ndi ofanana ndi athu, 50 Hz, mumangosintha pulagi ngati siikulowa. Muphatikize ndalama yonyamulira ndi msonkho wa ZIMRA musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti, ndipo uzani wonyamulayo kuti bokosilo lisaponyedwe, pakuti cast iron imasweka.

A ku America ndi a 120 V ndi 60 Hz. Amafuna thiransifoma, komanso mota yake imayenda pang'onopang'ono kuno. Ngakhale wachibale akupatseni ulere, ganizani kawiri.

Ndi mmene ZESA imathimitsira magetsi, kodi ndingayendetse lathe pa sola kapena jenereta?

Inde, koma musawerengere ma watt olembedwa pa mota okha. Mota ya mtundu wa induction ikamadzuka imakoka magetsi kuwirikiza kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi pamene ikuyenda. N'chifukwa chake ka inveta ka 1 kVA koyatsira TV ndi mababu kamangolira n'kuzima. Ya 3 kVA imadzutsa lathe yaing'ono popanda vuto ngati simunayatsenso zinthu zina zolemera. Makina a kabatani amadzuka mofatsa, koma amafuna inveta ya pure sine wave ndi choteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Chinthu china chimene anthu sachiganizira ndi switchi. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, n'zosavuta kungochokapo osazimitsa. Akabwera usiku, kapena mwana ali pafupi, makina amadzuka okha. Funani lathe yokhala ndi switchi ya NVR, ija ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Magetsi akapita imadzizimitsa ndipo siyaka mpaka mutadinanso. Ngati yakale imene mwagula ilibe, ikitsani. Kuno kwathu chimenechi si chokongoletsera.

Ku Siyaso, msika wa amisiri ku Mbare, akuti akhoza kundipangira. Zimagwira?

Zimagwira. Amisiri amatenga chitsulo cha channel, mabering'i awiri a pillow block, shafuti, mapule ndi mota yakale. Pa ntchito ya miyendo ndi zigwiriro, iyi ndi njira yotchipa yopezera bedi yaitali.

Koma mukhalepo popanga. Mota wamba imazungulira pafupifupi maulendo 1,400 pa mphindi, ndiye uzani mmisiri aike mapule a masitepe kuti liwiro lizitsika monga tanenera pamwambapa. Aike chitsulo chokhuthala, atchinge lamba, ndipo shafutiyo akaidulitse mazinga a 1 inch x 8 TPI kuti mawa mudzathe kuikapo chuck yogula. Yesani nsonga ziwiri zija musanamalize kulipira.

Matchizulo ndiyambe ndi angati?

Asanu akwana: roughing gouge yochotsera makona, spindle gouge yokongoletsera, parting tool yodulira, skew yosalazira, ndi bowl gouge ngati mukufuna mbale. Gulani olembedwa HSS. Chitsulo chimenechi sichifewa msanga chikatentha ponola, pamene cha carbon steel chikangosanduka chabuluu kunsonga ndiye kuti kuthwa kwapita. Atatu abwino aposa bokosi la 12 opanda dzina.

Roughing gouge musaigwiritse pa mbale. Chitsulo chake n'chowonda polowa m'chigwiriro, ndipo ikakodwa pa mbale imathyokera pomwepo. Musasulenso tchizulo kuchokera ku fayilo (tupa) yakale; fayilo ndi youma kwambiri, imasweka ngati galasi.

Kunola n'kofunikadi chotere?

Kwambiri. M'mphindi imodzi tchizulo cha pa lathe chimadutsa mtengo wautali mamita mazanamazana, ndiye chimabuntha msanga kuposa cha pa benchi. Mudzanola kangapo pa mbale imodzi. Mukufunika grinder ya pa benchi, ya mainchesi 6 kapena 8, yokhala ndi mwala woyera wa aluminium oxide. Chizindikiro chake n'chosavuta: tchizulo chakuthwa chimatulutsa timaliboni topotana, chobuntha chimatulutsa fumbi ndipo mumayamba kukankha ndi mphamvu.

Zilipo zida za nsonga ya carbide zosanola, mumangotembenuza kansongako. N'zosavuta kuphunzira, koma zimasiya mtengo wokhakhala ndipo nsonga zake n'zochita kuitanitsa.

Chuck ndigule pompano?

Ayi, ingadikire. Zinthu zazitali zimagwidwa ndi nsonga ziwiri, mbale imamangidwa pa faceplate ndi masikuluwu olimba. Mukadzafuna kugula, ikhale ya mano anayi oyenda pamodzi, yopangidwira matabwa, ndipo mazinga ake agwirizane ndi a makina anu.

Ndiphunzirire pa mitengo yanji?

Harare yatipatsa mwayi: jacaranda. Mitengo ija imachita maluwa ofiirira mu Okutobala imagwetsa nthambi nyengo ya mvula, ndipo odula mitengo m'mayadi nthawi zambiri amangofuna wowachotsera zipika. Jacaranda ndi wofewa, woyera, amadulika mosavuta ali wauwisi. Mango, mapeyala ndi gwafa nazonso ndi zabwino. Paini wa ku Nyanga ndi Chimanimani ndi wotchipa, woyenera kuphunzirira miyendo, ngakhale amakonda kunyotsoka tchizulo chikabuntha. Bulugamu amang'aluka kwambiri pouma.

Mlombwa, umene kuno amati mukwa, usungeni mpaka dzanja litakhazikika. Ndi wokongola ndipo zidutswa zake mukhoza kupempha kwa opanga mipando. Tsanya ndi wolimba koopsa, amabunthitsa zida. Musadule mtengo wamoyo mumsewu kapena m'tchire popanda chilolezo cha khonsolo kapena Forestry Commission.

Mtengo wauwisi umapindika ukamauma. Choncho mbale ikulungeni kawiri: koyamba siyani khoma lokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa mbaleyo, iikeni m'thumba la pepala pamodzi ndi zopalidwa zake pamthunzi kwa miyezi ingapo, kenako ibwezereni pa makina mumalize. Mapolo ndi matabwa othiridwa mankhwala a chiswe musawakulunge n'komwe.

Pa mbale zodyera, pakani liquid paraffin wa ku famase wosakaniza ndi phula la njuchi. Ndati wa ku famase, osati palafini wa nyale.

Ngozi zake ndi zotani?

Yaikulu ndi chipika kuthawa pa makina. Valani chotchinga nkhope yonse, magalasi okha sateteza mano ndi chibwano. Musanayatse, zunguzani mtengo ndi dzanja muone ngati sukugunda tool rest, onani kuti lamba ali pa liwiro lotsika, ndipo poyatsa imani pambali. Mtengo wa mng'alu utayeni ku nkhuni.

Musavale magolovesi, malaya a manja olendewera, mpango kapena mkanda. Amayi, duku limangidwe bwino ndipo nsonga ya chitenje ilowe m'kati. Pokwecha ndi sandipepa chotsani tool rest, ndipo musakulunge nsanza ku chala popaka mafuta. Fumbi nalo limapweteka mwakachetechete, makamaka la mitengo yolimba, choncho valani chotchinga mphuno cha FFP2 ndipo gwirirani ntchito pamalo opita mphepo. Sesani utuchi tsiku lililonse. Moto umene wakhala ukuwononga ku Glen View Area 8 kangapo konse tonse tikuudziwa.

Kodi ndalama yanga idzabwerera?

Ikhoza, mukayamba ndi zinthu zimene anthu akuzifuna kale. Mbale zokongola zimagulidwa ndi alendo ndi a m'mayadi, koma zimayenda pang'onopang'ono. Chimene chimabweretsa ndalama ya tsiku ndi tsiku ndi oda ya akalipentala: miyendo ya sofa, ya bedi, ya matebulo a pabalaza, timitu ta madilowa. Iwo amafuna zinayi zofanana ndendende, ndipo luso limenelo ndi lovuta kuposa kupanga chimodzi chokongola. Dulani kathabwa kopyapyala kokhala ndi zizindikiro za malo onse odula, gulani caliper yoyezera kunenepa, ndipo yesererani pa paini mpaka zinayi zitaima pamodzi osasiyana. Zikatero tengani zinayizo mukaonetse akalipentala a m'dera lanu, mufunse kuti amagula pa mtengo wanji kwa amene amawapangira panopa.